Phiko pa Khoma la a Kachigamba

A Kachigamba anati: undijambulire mbalame
pamwamba pa chitseko cha golosale.
Osati nkhunda, nkhunda anamaliza ndi a tchalitchi.
Osati tambala, anthu angayambe za ndale.
Ndikufuna ija ya moto m'mapiko,
inkalira m'mikuyu ya ku Bua ndili mwana.

Ndinati: nkhulukulu.
Anati: yomweyo.

Ndajambula zambiri ine pa Kamwendo pano,
mitu ya anyamata pa khoma la ometa,
botolo lotuluka thukuta,
nkhuku yosekerera pamwamba pa chiwaya choikazinga.
Koma nkhulukulu ndinaiona kawiri kokha,
kawiri konseko ili pa ulendo.
Ikatera ndi tsamba pakati pa masamba.
Kufiirako imabisa m'khwapa
ngati ndalama ya pa mfundo ya chitenje,
umangoona kamodzi, psuu,
mtengo n'kutseka.

Masiku atatu ndinasakaniza utoto m'chitini.
Kunatuluka kufiira kwa tomato,
kwa katondo, kwa diso la chidakwa.
Konseko kwabodza.

Ndiye ndinauza Yotamu,
mwana wa mazira owiritsa pa siteji,
uja wa legeni m'khosi ngati kolona.
Sindinati ipha.
Ndawatembenuza mawu anga usiku wambiri,
sindinati ipha.
Ndinangoti: ndikanaiona pafupi.

Loweruka anabwera nayo m'jumbo la shuga.
Inali isanaume. Mutu unkagwera uku ndi uku,
diso lotseka mosamaliza,
nyerere imodzi itafika kale.
Ndinatambasula phiko pa bondo
monga wogula fodya atambasulira tsamba,
ndipo ndinaona.
Si kufiira kumodzi ayi.
Kumayamba ngati khala lopemereredwa,
kumathera ngati magazi a dzulo,
m'mphepete muli bii.
Ndinamupatsa faifi handiredi.
Ndinakwera makwerero, ndinagwira ntchito
mpaka dzuwa linawolokera ku Chipata,
ndipo dzanja silinanjenjemere.
Chimandisowetsa tulo ndi chimenecho.

Pano anthu amaima.
A kabaza amatsitsa phazi, katundu ali pambuyo.
Aphunzitsi a Chichewa anabwera ndi ana a sekondale,
anawaimika padzuwa kuti alembe ndakatulo.
Mtsikana wina analemba kuti mbalame ndi ufulu,
anzake anamuombera m'manja,
kwinaku pambali pawo mpheta zootcha,
khumi pa kamtengo, mchere uli mbuu,
zikudikira minibasi ya ku Lilongwe.
A Kachigamba amauza aliyense:
taonani, yangotsala pang'ono kuuluka.
Anandiwonjezera sopo ndi botolo la mafuta.

Nyama anadya Yotamu. Anati ndi yolimba.
Nthenga zitatu ndinaika m'buku la ngongole,
pa tsamba la anthu amene anamwalira asanandilipire.

Lachiwiri lotsatira ndili kutsuka mabulashi
ndinamva: bwana.
Jumbo lija lomwe, koma lolemera.
Ziwiri, anatero, yaimuna ndi yaikazi.
Zinali pa nthambi imodzi,
nditagwetsa yoyamba inayo sinapite patali,
inkangozungulira, ikuitana.
Ndayenda kuchokera m'mamawa,
mikuyu yapafupi inathera m'zigafa.
Mukatenga zonse ndikuchotserani.

Ndinayang'ana kukhoma.
Yanga inali pomwepo, mapiko tambalale,
yosadya, yosaitana mnzake,
yolengeza shuga, makandulo ndi mayunitsi.
Mvula ikagwa zaka ziwiri idzasuluka,
a Kachigamba adzanditumiranso uthenga,
ndipo ine kufiira kuja ndikudziwa,
kuli m'buku, sindidzafunanso wina.
Ndinafuna kumuuza zimenezi.
Ndinafuna kumufunsa ngati wadya.

Mwanayo anali chiimire,
mkono uli m'mwamba kuti ndione bwino,
pansi pa jumbo pakudontha,
kadontho, kenako kena,
fumbi likumwa utoto
umene ndinausaka masiku atatu m'chitini.